Makirediti asanu pa ulendo umodzi

Loweruka lina masana, ndili pakati pochonga mabuku a ana a sukulu, mwana wa mlongo wanga anafika kunyumba kwathu ku Mtendere foni ili m'manja. M'nkhani ino tingomutcha Wezi. Sanadikire n'komwe kuti madzi a tiyi awire. Anandipatsa foniyo n'kunena kuti, "Asibweni, tawerengani apa." Wezi anakulira kwa Kambombo m'boma la Chama, ndipo mpaka lero sanditcha amalume. Amanditcha mwa Chisenga monga anazolowera ali mwana.

Pafonipo panali chilengezo cha ntchito. Ofesi ina ya maloya m'tauni inkafuna loya wachinyamata, ndipo inalemba zinthu zitatu zofunika. Choyamba, digiri ya zamalamulo. Chachiwiri, munthuyo akhale atapambana mayeso a ku ZIALE ndipo analandiridwa kale kukhala loya. Chachitatu, setifiketi yonse ya Giredi 12 yokhala ndi makirediti asanu, kuphatikizapo Chingelezi ndi masamu, onse opezedwa pa ulendo umodzi. Ziwiri zoyambazo Wezi ali nazo. Makirediti ali nawo asanu ndi limodzi, kungoti anawapeza pa maulendo awiri.

Ambiri a inu mukudziwa m'mene bungwe la mayeso la Examinations Council of Zambia limaperekera magiredi. 1 ndi 2 ndiwo apamwamba kwambiri, 3 ndi 4 amatsatira, 5 ndi 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, ndipo 9 ndi kulephera. Wezi analemba Giredi 12 mu 2014. Anapeza makirediti anayi, koma masamu anagwa ndi 9. Chaka chimenecho anakhala temu yathunthu kunyumba chifukwa ndalama za sukulu zinasowa, pakuti maphunziro aulere mpaka Giredi 12 anadzayamba mu 2022. Atabwerera anapeza mphunzitsi wa masamu anasamutsidwa, ndipo wina sanabwere mpaka mayeso atayandikira. Mu 2016, atalima mpunga ndi amayi ake n'kuugulitsa, analipira mayeso a GCE nalembanso masamu ndi bayoloje. Anakhoza zonse ziwiri. Pambuyo pake anabwera ku Lusaka, anapeza ntchito ya ukalaliki, ankaphunzira zamalamulo madzulo pa yunivesite ina yosakhala ya boma, ndipo mayeso a ku ZIALE anawapambana pa ulendo wachitatu.

Loya watsopano saloledwa kutsegula ofesi yakeyake tsiku lomwelo. Amayenera kuyamba wagwira ntchito pansi pa loya wamkulu. Choncho chitseko cha ofesi ngati imeneyi si nkhani yamasewera kwa Wezi. Kwa Kambombo kuli abale amene anagulitsa mbuzi kuti iye afike pamenepa, ndipo akudikira.

Anandiuza kuti akuona njira zitatu. Mnzake wina anamulozera munthu amene "amakonza" mapepala, woti angamupangire setifiketi ya 2014 yokhala ndi masamu a 5. Njira yachiwiri inali yolemba pa CV kuti "Giredi 12, makirediti 6" osatchula zaka, kuti wowerenga adziganizire yekha. Yachitatu inali yolemba zonse monga zilili. Kenako anandifunsa kuti, "Asibweni, inu ndinu aphunzitsi. Ngati lamulo lawo ndi lokhota, ine ndilakwa chiyani ndikalizemba?"

Funso limeneli ndakhala nalo m'mutu miyezi yambiri. Ndikuliika pano chifukwa ndikudziwa kuti m'makomboni mwathu muli achinyamata ambiri amene mapepala awo ali ngati a Wezi.

Ndiyambe ndi kuwamvetsa eni ofesi, chifukwa si chilungamo kuwaweruza tisanamve mbali yawo. Chilengezo chimodzi chimabweretsa makalata ochuluka kuposa amene munthu angawerenge bwinobwino, ndiye amafuna sefa. Amaopanso mapepala abodza, ndipo mantha awo ali ndi maziko. Mu 2017 bungwe la Teaching Council of Zambia linapeza aphunzitsi pafupifupi 500 akugwira ntchito ndi mapepala achinyengo, ndipo ife a ntchito ya choko tinayenda mitu ili pansi. Palinso chifukwa china chimene ife osauka tiyenera kuchikumbukira. Kumene kulibe lamulo lolembedwa, ntchito imapita kwa mwana wa uje. Lamulo la makirediti asanu, ngakhale ndi louma, silifunsa dzina la bambo ako.

Dziko lathu lomwe linasankha muyeso womwewu. Malamulo aakulu a dziko atasinthidwa mu 2016, anayamba kufuna kuti wopikisana pa mpando wa pulezidenti, wa phungu ngakhale wa khansala akhale ndi setifiketi ya Giredi 12 kapena chofanana nayo. Mu 2021, pa mlandu wa a Bizwayo Nkunika ndi a Lawrence Nyirenda wokhudza mpando wa Lundazi Central, khoti loona za malamulo aakuluwo linamasulira kuti chofanana ndi Giredi 12 sichingakhale chapansi kapena chapamwamba, kotero mapepala a ku koleji sangalowe m'malo mwake. Mu 2022 a Joseph Malanji, amene anakhalapo nduna yoona za maiko akunja, anataya mpando wa Kwacha pa nkhani ya setifiketi yomweyi. Lamulo limene lingagwetse nduna yakale lili ndi ubwino wake, ndipo sindikufuna kuubisa.

Koma muyeso uliwonse tiyenera kuufunsa kuti ukuyeza chiyani. Kwathu ku Chama mpunga amaugulitsa ndi meda. Palibe amene amadana ndi meda, chifukwa popanda iyo pamsika pangakhale ndewu. Meda imakuuza kuchuluka kwa mpunga. Siikuuza ngati mpungawo ndi wonunkhira, ngati ndi wosweka, kapena ngati muli timiyala. Wogula wanzeru amayeza ndi meda, kenako amatapa pang'ono m'dzanja n'kuyang'ana.

Nanga Giredi 12 imayeza chiyani? Ine monga mphunzitsi ndinganene kuti imalosera. Imatiuza kuti mwana uyu, tikamupatsa malo ku yunivesite, mwina akwanitsa. Ndi yothandiza pamene tilibe umboni wina. Koma Wezi anapita kale ku yunivesite ndipo anamaliza. Anadutsanso pa Zambia Institute of Advanced Legal Education, pamene pagwera anthu ambiri a magiredi okongola. Mu 2021 dziko lonse linadabwa kumva kuti mwa ophunzira 395 amene analemba mayeso kumeneko, mmodzi yekha ndiye anakhoza maphunziro onse. Munthu amene wawoloka mtsinje wotere, kumufunsa za masamu amene analephera ali ndi zaka 18 kuli ngati kufunsa woneneratu za mvula pamene chimanga chili kale m'nkhokwe.

Mawu oti "pa ulendo umodzi" ndiwo amandivuta kwambiri. Pepala la masamu la GCE limachokera ku bungwe lomwe lija, ndipo kirediti yake ndi kirediti ndithu. Chimene mawuwa amasefa ndi moyo umene mwana anali nawo chaka cha mayeso. Amafunsa ngati makolo ake analipira sukulu temu iliyonse, ngati aphunzitsi analipo okwanira, ngati sanadwale, ngati sanatenge pakati, ngati pakhomo panalibe maliro. Mwana sasankha chimodzi mwa zimenezi.

Ndikunena izi ndi manyazi pang'ono, chifukwa inenso ndinabadwira kwa Kambombo. Ndili ndi zaka 10, amalume anga amene ankagwira ntchito ku Lusaka anabwera kumudzi n'kunditenga. Sanandiyese mayeso alionse. Ndinali mwana wamwamuna amene anapezeka pabwalo tsiku limenelo, ndipo kunyumba kwawo kunali malo a munthu mmodzi. Ndinaphunzira pa sukulu ya magetsi, ya labotale, ya aphunzitsi a masamu atatu. Makirediti anga ndinawapeza pa ulendo umodzi, ndipo kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti ndi nzeru zanga zokha. Wezi ankawerenga ndi kandulo ndi tochi, kudera limene mitsinje ikadzaza nthawi ya dzinja misewu imaduka. Boma la Chama linachotsedwa m'chigawo cha Kummawa kupita ku Muchinga mu 2011, n'kubwezedwanso mu 2021, koma mtunda wochoka kwa Kambombo kudzera ku Lundazi ndi Chipata kufika ku Lusaka sunafupike. Mukaika mapepala athu awiri pathebulo, langa limaoneka loposa. Mukaika anthu awirife, sindikudziwa ngati ine ndikanapirira zimene iye anapirira.

Mbiri ya ntchito ya uloya ili ndi anthu amene analowera pakhomo lam'mbali. Nelson Mandela sanamalize digiri yake ya zamalamulo pa yunivesite ya Witwatersrand. Anakhala loya polemba mayeso ena ovomerezeka, ndipo mu 1952 anatsegula ofesi ya maloya ndi Oliver Tambo ku Johannesburg. Digiriyo anadzaipeza mu 1989 kudzera ku UNISA, ali m'ndende. Sindikunena kuti aliyense wolephera mayeso ndi Mandela. Ndikungoti sefa yoyang'ana njira imene munthu anadzera, osayang'ana pamene wafika, ikanamutaya iyenso.

Pofika apa ndinali nditagwirizana ndi Wezi kuti lamulo la ofesi ija ndi lokhota. Koma funso lake linali lina. Kodi kukhota kwa lamulo kumamupatsa iye ufulu wonama?

Za setifiketi yogula sitinachedwe nazo. Ndi mlandu wopita nawo kundende, ndipo masiku ano olemba ntchito ambiri amakatsimikiza mapepala ku bungwe la mayeso. Akuluakulu amati mlandu suola. Munthu akhoza kugwira ntchito zaka khumi, kukwatiwa, kumanga nyumba, kenako tsiku limodzi kalata n'kufika. Koma ngakhale zikanatheka kuti asagwidwe mpaka imfa, pepala labodza limapweteka anthu ena. Likagwidwa limodzi, olemba ntchito amaumitsa sefa, ndipo oyamba kutsala kunja amakhala ana a kumudzi a mapepala a GCE, abale ake a Wezi enieni.

Njira yachiwiri ndiyo inandigwetsa. Ndivomere kuti tsiku limenelo ndinamuuza kuti, "Iwe Wezi, ingolemba makirediti 6 basi. Sunaname. Akakuitana ukafotokozera komweko." Ndinkaona kuti ndi nzeru za m'tauni. Mawu onse pa CV akanakhala oona. Ndani analamula kuti munthu aziulula zonse za moyo wake kwa anthu osawadziwa?

Wezi anakhala duu kwa kanthawi, kenako anandiyankha ndi chinthu chimene anaphunzira ku ntchito yake. Anati loya saloledwa kusocheretsa khoti, ndipo kusocheretsa sikuchitika ndi mawu abodza okha. Ukhoza kunena zoona zokhazokha, koma utazisanja mwakuti woweruza akhulupirire chinthu chimene iwe ukudziwa kuti si choona. Anandifunsa kuti, "Asibweni, ndikasiya zaka zija, ndikufuna kuti wowerengayo aganize chiyani?" Yankho tonse tinkalidziwa. Tinkafuna kuti aganize kuti analemba ulendo umodzi. Cholinga chonse chosiyira zakazo chinali chimenecho.

Pamenepo ndinazindikira kusiyana kwa kusunga chinsinsi ndi kunyenga. Wezi alibe ngongole youza ofesi ija za chipembedzo chake, za matenda a amayi ake, kapena za chibwenzi chake. Sanafunsidwe, ndipo sizikuwakhudza. Koma za ulendo umodzi anafunsa poyera. Munthu akakufunsa funso, iwe n'kukonza yankho loti amve zosiyana ndi zoona, chete wakoyo akugwira ntchito ya bodza. Tonse timadziwa zimenezi tikakhala mbali inayo. Wogulitsa foni pa City Market akakuuza kuti kamera ndi yabwino, batire ndi latsopano, osakuuza kuti foniyo siigwira netiweki pamene iwe unafunsa ngati zonse zili bwino, sunena kuti munthuyo ndi woona mtima. Umati wakubera.

Pali mfundo yotsutsa imene sindingaithawe. Wina anganene kuti chilungamo chotere n'chotsika mtengo kwa munthu wokhuta. Ine ndili ndi malipiro a mwezi ndi mwezi. Mwana wa bwana safunika kubisa kanthu, chifukwa moyo sunamupatse chobisa. Kodi si nkhanza kuuza wosauka kuti asewere mwachilungamo pa bwalo lopendekeka? Mfundoyi ndi yolemera, ndipo sindinganene kuti ndaigonjetsa yonse. Anthu anazembapo malamulo oipa ndipo mbiri inawayamikira. Koma amene timawalemekeza kwambiri ndi aja anakana lamulo loipa poyera, n'kunena chifukwa chake, kuti lamulolo lisinthe. Wozemba mobisa amapulumuka yekha, ndipo lamulo limatsala chilili kudikira wotsatira. Wezi akanalowa mwakachetechete, ofesi ija ikanapitiriza kukhulupirira kuti sefa yake ndi yabwino, popeza onse amene inawatenga ndi "a ulendo umodzi". Sikanadziwa kuti mmodzi wa maloya ake abwino ndi wa GCE.

Chinanso n'chakuti katundu wa loya ndi mawu ake. Mayi wamasiye amene achibale a mwamuna akufuna kumulanda nyumba amapereka mapepala ake onse kwa loya chifukwa akumukhulupirira. Munthu amene wayamba ntchito yotere ndi kachinyengo kakang'ono amakhala wadziphunzitsa kuti choonadi chimapindika ngati chifukwa chili chabwino. Zifukwa zabwino sizidzatha. Mawa kudzakhala lendi, mkuja kudzakhala kasitomala wolira.

Wezi anasankha njira yachitatu. Pa CV analemba zaka zonse ziwiri, 2014 ndi 2016. M'kalata yofunsira ntchito anaikamo ndime imodzi yaifupi. Ananena kuti akudziwa kuti sakukwanitsa mfundo ya ulendo umodzi, anafotokoza chifukwa chake m'mizere itatu popanda kudandaula, ndipo anapempha kuti amuyese ndi ntchito ya uloya imene, monga kulemba chikalata cha kukhoti kapena kufufuza mlandu.

Ndikanakonda kukuuzani kuti anamuitana. Sanamuitane, ndipo sanayankhe n'komwe. Sitidziwa ngati munthu anawerenga ndime ija kapena kalatayo inagwa pa sefa yoyamba. Mwina akanatsata malangizo anga oyamba akanafika pa intavyu, n'kuwagometsa. Zimenezi zimandibwerera usiku. Kunena zoona kuli ndi mtengo, ndipo amene anaulipira ndi iye, osati ine. Pakali pano akuthandiza pa kaofesi kakang'ono ka loya mmodzi, malipiro ake ndi ochepa, ndipo akupitiriza kutumiza makalata okhala ndi ndime yomwe ija.

Ngati tikufuna kuti achinyamata ngati Wezi azinena zoona, ife amene tili mkati mwa mpanda tili ndi mbali yathu. Olemba ntchito angathe kusunga sefa yawo koma n'kuyang'ana muyeso womaliza umene munthu wadutsa, osati woyamba. Maofesi ena akuluakulu a maloya ku London, amene ankangofuna magiredi apamwamba a A-level, masiku ano amaonanso sukulu imene munthu anaphunzira ndi dera limene anakulira, kuti amvetse tanthauzo la magirediwo. Kirediti ya masamu yopezedwa ndi mtsikana amene anadziphunzitsa yekha atachoka kudimba imanena zambiri za khama lake, ndipo khama ndilo limagwira ntchito mu ofesi ya maloya.

Nanenso ndili ndi chokonza. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuopseza ana m'kalasi kuti Giredi 12 ndi ulendo umodzi, ukagwa basi watha. Ndinkaganiza kuti ndikuwalimbikitsa. Tsopano ndikuona kuti ndinkaphunzitsa olemba ntchito a mawa kunyoza pepala la GCE, ndiponso ndinkaphunzitsa amene adzagwe kuti adzichitire manyazi. Manyazi amenewo ndiwo amatumiza anthu kwa okonza mapepala. Masiku ano ndimawauzabe kuti alimbikire, chifukwa zitseko zambiri zikadali zouma ndipo kuwabisira zimenezi kungakhale bodza linanso. Koma ndimawonjezera kuti kulembanso mayeso ndi njira yovomerezeka, yoyendamo munthu mutu uli m'mwamba.

Kwa inu amene mukukonzekera GCE chaka chino, masana muli pa kantemba kapena pa basi, madzulo muli ku tushoni, sindikulonjezani kuti aliyense adzakumvetsani. Ena adzataya kalata yanu osaiwerenga. Koma zaka ziwiri zimene zidzalembedwe pa mapepala anu ndi mbiri yanu yeniyeni, ndipo palibe amene angadzakuopsezeni nayo kapena kukuchotserani ntchito. Zilembeni zonse ziwiri, ndipo phunzirani kuzifotokoza m'mizere itatu.

Mwezi watha Wezi anapita kwa Kambombo kukaona amayi ake. Atabwera anandibweretsera kathumba ka mpunga, ndipo anandiuza kuti mtsikana wina wa pamudzi, amene anagwa Chingelezi chaka chatha, anabwera kudzamufunsa ngati n'zoona kuti loya angachoke m'gulu la olembanso mayeso. Wezi anatsegula chikwama n'kumuonetsa zithunzi za mapepala ake onse, la 2014 lokhala ndi 9 ija pamwamba. Mtsikanayo anapempha kuti alijambule pafoni kuti akaonetse bambo ake, amene ankakana kumulipirira mayeso.